Kodi Kukana Chakudya pa Khirisimasi N'chipongwe?

Mvula ikagwa ndipo minda ya tiyi ikabiriwira kuchokera ku Thunga mpaka ku Makwasa, tonse timadziwa kuti Khirisimasi yayandikira. Ino ndi nyengo imene otchola tiyi amalawirira dengu lili kumsana, ndipo kandalama kakapezeka mayi amayamba kuwerengera: mpunga makilogalamu angati, mafuta ophikira, Sobo wa ana, buledi, paketi ya shuga, komanso tambala uja takhala tikumusunga miyezi yonseyi. Ana athu amene ali ku Blantyre, ku Lilongwe ngakhale ku Joni amabwera ndi majumbo odzadza. Palibe cholakwika pa zimenezi. Banja limene ladya nsima ya masamba chaka chonse liyenera kusangalala likauona mpunga wa nkhuku.

Koma pali kanthu kena kamene kamachitika pamphasa tsiku limeneli, ndipo ambirife tinakaonapo, mwinanso tinakachitapo. Mayi wachikulire, kaya ndi apongozi athu kaya ndi mnzathu wa m'gulu, akalandira botolo la Fanta amati, "Pepani, ine a kuchipatala anandiletsa, ndili ndi shuga." Ife timayankha msangamsanga kuti, "Aaa, amayi, lero lokha! Kodi Khirisimasi imabwera kawiri pa chaka? Imwani, mukakana mwatinyoza." Mayi uja amayang'ana pansi, nalandira botolo, namwa. Ife mtima umakhala m'malo poganiza kuti tachereza mlendo. Iye amakagona usiku wonse akudzukadzuka ndi ludzu, akupita panja kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, m'mawa mutu uli waa.

Walakwa ndani pamenepa? Kodi ndi wochereza amene wakakamiza, kapena mlendo amene wavomera chinthu chimene akudziwa kuti chimupweteka? Nanga akanakanitsitsa, tikanamutcha wamwano?

Tisafulumire kudzudzula mwambo wathu, chifukwa sunangoyamba wokha. Kwathu kuno chakudya chimayankhula. Anthu awiri akayambana n'kuyanjanitsidwa, chizindikiro chakuti nkhani yatha ndi kudyera limodzi. Munthu akakana chakudya cha mnzake, kalekale ankamuganizira kuti ali ndi mangawa mumtima, kapena akuopa kuti amuthirira mankhwala. Tinaphunzitsidwanso kuti mlendo waulemu sangolandira, amayamba wanena kuti "ndakhuta" ngakhale m'mimba mukulira, ndipo mwini nyumba waulemu amaumirira mpaka mlendoyo asambe m'manja. Mwa njira imeneyi makutu athu anazolowera kuti mawu akuti "ayi" pa chakudya satanthauza ayi weniweni.

Palinso zina zimene tinadutsamo. Amene tinaona njala ya mu 2002 tikudziwa kuti kukhala ndi chopatsa mlendo ndi mwayi waukulu. Ndipo kuno ku Thyolo sitinaiwale zaka zija mankhwala otalikitsa moyo asanabwere, pamene munthu akayamba kuwonda anthu ankangolozerana ndi milomo. Bungwe la MSF linayamba kupereka ma ARV m'boma lino mu 2003, ndipo anthu ambiri amene tinawataya mtima anadzuka, thupi n'kubwerera. Kuyambira pamenepo mawu akuti "mwanenepa" anakhala moni wokoma kuposa kale. N'chifukwa chake mayi amene wauzidwa kuchipatala kuti achepetse thupi amaopa pakamwa pa anthu kuposa matenda enieniwo. Tikamamukakamiza kuti aonjezere mtanda wina, mumtima timakhala tikunena kuti, "Sitikufuna kuti muwonde, tikufuna mukhale ndi moyo." Cholinga n'chabwino ndithu.

Vuto ndi lakuti matenda a shuga sayang'ana cholinga. Chilichonse chokhutitsa chimene timadya, kaya ndi nsima, mpunga, buledi, chinangwa, mbatata kapena nthochi zophika, chikagayidwa m'mimba chimasanduka shuga n'kulowa m'magazi. Kapamba amatulutsa insulin, imene imathandiza kuti shugayo achoke m'magazi n'kulowa m'minofu kuti atipatse mphamvu. Kwa munthu wodwala shuga, insulin imakhala yochepa kapena thupi silikuimvera, choncho shuga amangodzadzana m'magazi. Impso zimayesetsa kumutaya kudzera m'mkodzo, n'chifukwa chake munthuyo amakodza pafupipafupi, amamva ludzu losatha, amafooka, ndipo ena amawonda ngakhale akudya. Zikapitirira kwa zaka, shuga amawononga mwakachetechete timitsempha ta m'maso, impso, mtima ndi mapazi. Ena amachita khungu, ena amafa ziwalo, ena kachilonda kakang'ono kuphazi kamakana kupola mpaka mwendo kudulidwa.

Matendawa si a anthu olemera okha ngati mmene tinkaganizira. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti anthu pafupifupi 6 mwa 100 aliwonse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi shuga wokwera m'magazi, ndipo pafupifupi 33 mwa 100 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Kafukufuku wina wa ku Karonga ndi ku Lilongwe, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2018, anapeza odwala shuga ocheperapo, 2 kapena 3 mwa 100, koma anaonetsa kuti amayi 44 mwa 100 a m'tauni ndi 27 mwa 100 a kumudzi anali onenepa mopitirira muyezo. Kaya titenge chiwerengero chiti, pa gulu la amayi lodzadza tchalitchi sipangalephere kupezeka angapo odwala matendawa, ndipo ena mwa iwo sakudziwa n'komwe.

Tsono tibwerere ku funso lathu. Mphatso ndi ya ndani, wopereka kapena wolandira? Tikanena kuti "mukakana mwatinyoza", tikadzifufuza bwino tipeza kuti ulemu umene tikuuteteza ndi wathu. Tikufuna anthu akanene kuti kwa uje tinadya mpaka kusiya. Tikuopa kuti mlendo akatuluka wosamwa kanthu, anansi adzati ndife oumira. Choncho mayi wodwala uja ndi amene akulipira mbiri yathu yabwino, ndipo akulipira ndi maso ake ndi impso zake. Ife tikuona kuti pamenepa wochereza ndiye ali ndi mlandu waukulu, chifukwa iye ndi amene ali ndi mphamvu. Mlendo ali m'nyumba ya eni, mwina kwa apongozi, mwina kwa mtsogoleri wa gulu, ndipo n'kovuta kuti akane kawiri.

Wina anganene kuti, "Koma tsiku limodzi lokha silingaphe munthu." Kwa odwala ambiri amene akumwa mankhwala bwino, zimenezi n'zoona. Koma kodi ndi tsiku limodzi? Pali pa 25, pali pa 26 pamene timamaliza zotsala, pali Chaka Chatsopano, ndiye pakatipa pali zinkhoswe, maukwati ndi maphwando a ana. Ndipo pa tsiku limodzi lomwelo munthu amalowa nyumba zitatu kapena zinayi, nyumba iliyonse n'kumuuza kuti "lero lokha". Botolo limodzi la Coca-Cola la 300 ml limakhala ndi shuga woposa magalamu 30, amene ndi masipuni aang'ono pafupifupi 8. Bungwe la WHO linalangiza mu 2015 kuti munthu wamkulu, ngakhale wosadwala, asapitirire masipuni aang'ono pafupifupi 12 a shuga wothira m'zakudya ndi m'zakumwa pa tsiku, ndipo akachepetsa kufika pa 6 ndi bwino koposa. Mabotolo awiri okha, muyezo wapitirira kale, tisanawerenge tiyi wam'mawa. Choopsa china n'chakuti shuga akakwera munthu amamva ludzu, ndipo akathetsa ludzulo ndi Sobo kapena thobwa, shuga amakweranso, ludzu n'kuwonjezeka. Wokalamba amene shuga wake anali wokwera kale angathe kutha madzi m'thupi, kusokonezeka mutu mpaka kukomoka.

Thobwa tamutchula dala. Ambiri timaganiza kuti popeza ndi chakumwa chathu chachikuda ndiye kuti alibe vuto. Koma chimera chija chimasandutsa phala kukhala shuga, ndipo ife timathiranso shuga wina pamwamba. Kapu yaing'ono ya thobwa wosathira shuga pa nthawi ya chakudya si chimodzimodzi ndi chikho chodzadza chimene timapatsa mlendo akangofika. N'chimodzimodzinso maheu a m'sitolo ndi majuwisi a m'mapaketi.

Komabe nkhaniyi ili ndi mbali ina imene sitikonda kuikamba, chifukwa imakhudza ife amene timadziona ngati osamala. Pali mabanja ena kumene wodwala shuga amasanduka mkaidi. Bambo akangotambasula dzanja kuti atenge mpunga, mayi amakuwa alendo ali pomwepo: "Inu abambo, mwaiwala zimene ananena adokotala? Mukufuna mutisiyire mavuto?" Ena amamuphikira kambale kakekake ka masamba owiritsa opanda mchere, opanda tomato, n'kumukhazika pambali pamene anzake akunyambita zala. Agogo amene analera ana asanu ndi awiri amalandidwa chitumbuwa m'manja ndi mdzukulu ngati mwana wakhanda. Kodi chimenechi ndi chikondi? Mwina chinayamba ngati chikondi, koma chafika pochotsa munthu ulemu. Zotsatira zake timazidziwa: wodwalayo amayamba kudya mobisa, amakagula mandasi pamsika n'kudyera kuseri, kapena amangosiya kupita kumaphwando n'kumakhala yekha kunyumba tsiku limene aliyense ali ndi abale ake.

Wokakamiza kudya ndi wolanda mbale akuoneka ngati osiyana, koma kulakwa kwawo n'kumodzi. Onse awiri asankhira munthu wamkulu zochita osamufunsa. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mayi amene wakhala ndi matendawa zaka 10, amene amapita kusikelo ya shuga mwezi ndi mwezi, amalidziwa thupi lake kuposa ife. Akanena kuti "sindimwa", timumvere. Akanenanso kuti "lero ndidyako mpunga pang'ono, nsima ndiisiya", timumverenso. Malangizo a zaumoyo a masiku ano sanena kuti wodwala shuga asalawe mpunga moyo wake wonse. Chachikulu ndi kuchuluka kwake, zimene akudyera limodzi, ndi kudya pa nthawi yake.

Nanga bambo akafuna kumwa mabotolo atatu ife tikuona, tingokhala chete poti ndi munthu wamkulu? Apa mpovuta, ndipo sitinama kuti tili ndi yankho lokwanira banja lililonse. Thupi ndi lake, inde, koma akagwa ndi mkazi wake amene adzafunefune galimoto usiku kupita ku chipatala cha boma ku Thyolo kapena ku Malamulo, ndi iyeyo amene adzagone pansi pa bedi ku Queens, ndipo ndalama za feteleza ndi za fizi ndi zimene zidzathere panjira. Choncho mkazi ali ndi ufulu woyankhula. Chimene tikuona ife n'chakuti mawu amenewa ali ndi malo ake ndi nthawi yake: kuchipinda, phwando lisanafike, anthu awiri n'kugwirizana kuti mawa tidzadya motere. Pagulu munthu wodzudzulidwa amamwa dala kuti aonetse kuti salamulidwa.

Wodwala nayenso ali ndi udindo wake. Sibwino kubisa matendawa kwa anthu amene timadya nawo, chifukwa sangatisamale pa chinthu chimene sakuchidziwa. Shuga si matenda opatsirana, si chilango, ndipo si ufiti. Ndiponso kukana kuli ndi njira zake zaulemu zimene amayi timazidziwa kale. Tingathe kusamba m'manja, kudya ndiwo ndi kamtanda kamodzi, kuyamikira wophika, n'kunena kuti, "Botololi ndinyamula ndikapatse adzukulu." Mwini nyumba wanzeru samva chipongwe pamenepo.

Ena amati chakudya cha odwala shuga n'chodula, n'cha anthu a m'tauni ogula m'masitolo akuluakulu. Kuno ku Thyolo mwezi wa December zimenezi si zoona kwenikweni. Mvula ikangogwa bonongwe, chisoso, luni ndi nkhwani zimamera kuseri kwa nyumba, chigwada ndi kholowa sizisowa, ndipo pa msika wa Bvumbwe kabichi, mpiru, tomato ndi zitheba zimakhala mbwee. Nandolo wouma ndi nyemba timakhala tasungako. Magulu 6 a zakudya aja timaphunzitsidwa kusikelo ya ana ndi omwewo, kungosintha kagawidwe. Theka la mbale likhale masamba. Theka lotsalalo tiligawe pawiri: mbali ina nkhuku, nsomba, mazira, nyemba kapena nandolo, mbali ina chokhutitsa chochuluka ngati chibakera cha munthuyo. Akasankha mpunga asaonjezerenso nsima, mbatatesi ndi buledi pa mbale yomweyo, monga timachitira pa Khirisimasi. Nsima, kaya ya mgaiwa kaya ya ufa woyera, ikachuluka imakweza shuga. Nkhuku yowiritsa ndi tomato ndi anyezi kapena yowotcha imakoma bwinobwino popanda kuisambitsa m'mafuta. Mchere uchepe, chifukwa shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimakonda kuyendera limodzi. Muyezo wa WHO ndi wosafika magalamu 5 pa tsiku, imene ndi sipuni yaing'ono imodzi. Mango ali pa nyengo yake, ndipo bango limodzi laling'ono silofanana ndi kukhala pansi pa mtengo ndi beseni. Mapeyala akayamba, ndiponso mtedza wokazinga wosathira mchere wambiri, ndi zabwino kwa wodwala shuga.

Mbale yotereyi si ya wodwala yekha. Ikaphikidwa bwino, banja lonse lingadye zomwezo, ndipo palibe amene akhale pambali ndi kambale ka manyazi. Koma tivomerezenso kuti mu January ndi February, nkhokwe zikapepuka, pali mabanja amene amadya chimene chapezeka, kaya ndi makaka kaya ndi phala lokha. Mayi wodwala shuga wa m'banja lotere sitingamuimbe mlandu wosasamala. Ameneyo afunika kapu ya nyemba kuchokera kwa ife, osati ulaliki wa kadyedwe.

Za tiyi tisazilumphe, popeza ndife eni ake. Masamba amene amatcholedwa ku Satemwa, ku Naming'omba, ku Makandi ndi m'minda ya alimi ang'onoang'ono alibe shuga ngakhale pang'ono. Shuga timathira tokha, masipuni atatu kapena anayi m'kapu imodzi, ndipo nthawi zambiri timathiriratu m'ketulo kuti aliyense amwe wotsekemera, afune asafune. N'zomvetsa chisoni kuti mayi wa m'boma lolima tiyi amafika pa msonkhano n'kulephera kumwa tiyi. Kuika shuga pambali m'kambale kake sikufuna ndalama ina iliyonse. Amene anayesa kuchepetsa pang'onopang'ono amanena kuti lilime limazolowera.

Pali ngozi ina ya tsiku la Khirisimasi imene ndi yosiyana ndi zonse takambazi, ndipo imapha msanga. Ndi kutsika kwa shuga. Taganizirani mayi amene amabaya jakisoni wa insulin kapena kumwa mapiritsi a glibenclamide. Wadzuka m'bandakucha, wamwa mankhwala, koma chifukwa cha kutanganidwa sanadye kanthu. Wayenda mtunda kukwera zitunda za kuno kupita ku mapemphero, mapemphero atalika, ndipo chakudya chamasana chipsa cha m'ma 3 koloko. Mankhwala aja akugwirabe ntchito m'thupi lopanda chakudya. Amayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, mtima kugunda, kumva njala yoopsa, kuyankhula zosamveka. Pamenepo shuga amene timamuletsa uja ndiye mankhwala. Ngati akutha kumeza, mupatseni masipuni aang'ono 3 kapena 4 a shuga m'madzi, kapena theka la botolo la chakumwa chotsekemera, ndipo akatsitsimuka adye chakudya. Ngati wakomoka musamumwetse kanthu, angatsamwe. Mugonekeni chammbali n'kuthamangira naye kuchipatala. Zomwezi zingachitike pa mapemphero a usiku wonse olowera Chaka Chatsopano, ndiponso pa kusala kudya, kumene wodwala shuga asayambe asanafunse a kuchipatala. Kwa abambo amene amamwa mowa ngoziyi ndi yaikulu, chifukwa mowa, makamaka kachasu pamimba yopanda kanthu, umatsitsa shuga, ndipo anthu amangoti waledzera, musiyeni agone.

Mankhwala asasiyidwe chifukwa cha ulendo kapena phwando. Amene akupita kumudzi aone ngati metformin kapena insulin wawo akwanira mpaka January, ndipo insulin asungidwe pozizira. Kumene kulibe firiji ambiri amaika kabotoloko, katakulungidwa bwino, mumtsuko wadothi wa madzi pamthunzi. Ogulitsa mankhwala a zitsamba amene amalonjeza kuchiza shuga kotheratu amachuluka pa misika nyengo ino ndalama zikamayenda, ndipo oopsa kwambiri ndi amene amauza munthu kuti ataye mankhwala a kuchipatala. Tionjezerepo ka nsapato zatsopano za Khirisimasi: mapazi a wodwala shuga nthawi zina amachita dzanzi, samva kuti nsapato ikumuluma, ndipo thuza la tsiku limodzi lingasanduke chilonda cha miyezi. Madzulo aliwonse ayang'ane mapazi ake, kapena mwana amuyang'anire.

Chatsala ndi cha ife eni, monga gulu. Tikamapita kukaona odwala ndi okalamba sabata ya Khirisimasi, m'dengu mwathu mumakhala chiyani? Paketi ya shuga, buledi, botolo la Sobo, nthawi zina mabisiketi. Takhala tikuchita zimenezi zaka zambiri osafunsa kuti amene tikukamuonayo akudwala chiyani. Timafika, timaimba, timapereka, ndipo agogo odwala shuga amaombera m'manja kuthokoza mphatso imene sangaidye, kapena imene aidya chifukwa m'nyumba mulibe china. Ndalama yomweyo ya shuga ndi Sobo ingagule mazira, usipa, nyemba, mtedza, sopo, kapena kulipira kabaza wopita kusikelo ya shuga mwezi wa January. Kuti tidziwe chonyamula, mmodzi wa ife atsogole masiku awiri kapena atatu ulendo usanachitike, akakhale pansi ndi wodwalayo kapena womusamalira, n'kufunsa kuti, "Amayi, kodi a kuchipatala anati muzidya chiyani, nanga m'nyumba muno chikusowa n'chiyani?" Ndipo m'chikwama cha mlembi wa gulu, pamodzi ndi kaundula wa zopereka, muzikhala timaswiti tingapo ndi kapepala ka shuga, kuti wina akayamba kunjenjemera pakati pa msonkhano tisayambe kuthamangathamanga kufuna golosale yotsegula.